Nsapato za Alamu Anga

Ena mwa inu nkhaniyi munaimva kale, mwina paukwati, mwina pamzere wogula buledi, ndipo munaimva ikutha ndi mawu akuti "mtsikanayo anazifuna yekha." Sindikutsutsa. Ndingofuna muimvenso kuchokera kwa ine, Begimai wa ku Kochkor, amene ndinali kuseri kwa katani tsiku limenelo.

1

Chaka chimene ndinamaliza sukulu chilichonse chinkandichedwera. Zotsatira za mayeso zinachedwa. Zitatuluka, n'kupeza malo pakoleji ya unamwino ku Bishkek, tsiku lotsegulira nalo linakhala ngati lamangidwa mwendo. Chikondi ndiye chinkachita kukwawa. Anyamata akwathu amatha kukuyang'ana chilimwe chonse, tsiku limene alimba mtima n'kudzakufunsa ngati achimwene ako akugulitsabe matayala.

Ndiye ndinkawerenga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, foni yosweka pakona, ndi mabuku osatha aja a chikondi chamdima: mfumu ya mimbulu, kalonga wa mapiko akuda, mwamuna wosamwetulira amene amatola mtsikana pakati pa msika n'kukamutsekera m'nyumba yamiyala pamwamba pa phiri. Mtsikanayo amamuda, amamulavulira, kenaka pakati pa buku mawondo amayamba kulobodoka. Masamba ena ndinkawawerenga nditabisala kuseri kwa khola, makutu akutentha ngati ndatsamira mbaula.

Tinali ndi gulu lathu la owerenga pafoni, akazi okhaokha, ena ongomaliza sukulu ngati ine, ena amayi a ana anayi. Mutu watsopano ukangotuluka, kunkakhala phokoso.

"Atsikana, ndafika pa zakuphanga zija. Wina abwere ndi madzi ozizira adzandithire!"

"Iwe tseka pakamwa, ena sitinafike!"

"Amuna anga andifunsa chimene ndikumwetulira. Ndawauza kuti mbatata zatsika mtengo."

"Anga ndawayang'ana akutolera mafupa m'mbale, ndangoti Mulungu, mapiko bwanji osawapatsako?"

Pagulupo panali munthu mmodzi wosokoneza. Analibe dzina, chithunzi chake chinali cha ketulo. Buku lililonse ankaliwerenga mpaka kumapeto, nthawi zambiri ankatiyambirira tonse, koma sankakuwa nafe. Ikangofika nthawi imene mwamuna wanyamula mtsikana n'kupita naye, iye ankalemba funso limodzi lomwelo:

"Nsapato zake zili kuti?"

Tinamupatsa dzina lakuti Mayi Nsapato. Tinkamuseka kwambiri, ndipo wotsogolera kuseka ndinali ine.

"Amayi inu," ndinalemba tsiku lina, "munthu wanyamulidwa ndi kalonga, akuuluka pamwamba pa mitambo, inu mukudandaula za mapazi? Katseguleni shopu ya nsapato mutisiye ife tiwerenge."

Sankayankha.

2

Kunyumba tinkakhala ndi bambo, amayi, achimwene anga a Talant, ndi akazi awo a Sairagul. Alamu angawo anabwera ndili kamwana. Nkhani yawo kwathu inkafotokozedwa motere: achimwene anawaona akudikira minibasi, anakondana, n'kupangana kuti angowaba mwachiphamaso, monga mwa mwambo wakwathu wakuba mkwatibwi, kuti ukwati usadule. Ine nkhani imeneyi ndinkaikonda kuposa maswiti. Ndinkaipempha kawirikawiri, ndipo amene ankaifotokoza nthawi zonse anali amayi. Alamu ankakhala atatuluka kukatunga madzi.

Mtengwa satchula maina a abale a mwamuna wake, ndiye ine ankanditcha Kadona.

"Kadona, maso amenewo adzagwera m'foni."

"Alamu, inu simungamvetse. Inu zanu zinatheka kale, anakubani. Ine ndani andibe kuno? Mbuzi?"

Anapitiriza kukanda ufa osadzutsa mutu.

"Tenga mbale iyo uthire mafuta."

Tsiku lomwelo kunatuluka mutu umene tonse tinkaudikira. Mfumu ya mimbulu inathyola chitseko cha nyumba ya mtsikana, abale ake akuonerera. Nditamaliza kuwerenga ndinalemba pagulu, dzina langa lenileni lili pamwamba, nkhope yanga ili pambali:

"Ine mwamuna wofunsafunsa sindimufuna. Wondikonda asagogode, asapemphe. Angobwera n'kundinyamula. Ndikakuwa asamve. Ndikalira musanditonthoze, imeneyo ndi misozi ya chimwemwe."

Timitima tofiira tinagwa ngati matalala. Kenaka Mayi Nsapato analemba, ndipo aka kanali koyamba kuti alembe mawu ena:

"Fufuta."

"Bwanji, mwazipeza nsapato zija?" ndinayankha. Gulu lonse linafa nacho chiseko.

Mmodzi mwa amene anaseka anali Elnura, mnzanga amene tinkakhala benchi limodzi kusukulu.

3

Patapita milungu ingapo Elnura anandiimbira m'mawa.

"Msuweni wanga akupita ku Bishkek ndi galimoto. Tiye ukaone kumene uzikagona kukoleji, tibwerera lero lomwe."

Sindinamalize n'komwe tiyi. Ndinavala nsapato zanga zoyera zimene ndinasungira koleji, n'kuthamangira kumsewu.

Pagalimotopo panali amuna atatu. Woyendetsa anali Mirlan, msuweni wakeyo, amene ndinamuonapo kawiri kapena katatu akugulitsa mkaka wa akavalo m'mbali mwa msewu. Elnura anati ndikhale kumbuyo. Nditangolowa, mwamuna wina analowa mbali iyi, wina mbali inayo. Elnura sanakwere. Anangoima pamenepo akukupiza dzanja, akumwetulira ngati munthu amene wakonzera mnzake phwando.

Pamphambano galimoto inakhotera kumapiri.

"Njira ya ku Bishkek si imeneyi."

Wina anatenga foni m'manja mwanga mwaulemu ndithu, ngati akundilandira katundu.

M'mabuku muja pamenepa mtima umagunda, mtsikana amamva fungo la utsi ndi chikopa. Ine ndinamva fungo la petulo ndi anyezi. Mirlan anali ndi chimfine, ankapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Ndinakuwa kamodzi, mawu anga anamveka ngati a munthu wina, ndiye ndinasiya. Ndinayamba kuwerenga mitengo yamagetsi imene tinkadutsa, n'kumasokoneza, n'kumayambiranso.

4

Pabwalo la nyumba yawo moto unali utayaka kale, nkhosa itasendedwa kale. Akazi ambirimbiri anandizinga ndisanatsike n'komwe. Anandiwaza maswiti pamutu, anandipsompsona, anandikankhira m'nyumba. Pakhomo ndinavula nsapato, poti munthu sulowa nazo m'nyumba ya eni ake, ngakhale eni akewo akhale amene akuba. Nditacheuka, zinali zitasowa.

Anandikhazika pakona, kuseri kwa katani ya mkwatibwi. Mayi ake a Mirlan anabwera ndi duku loyera. Mukudziwa inu: ukalilola kukhala pamutu, wavomera. Ndipo dzuwa likakulowera uli m'nyumba imeneyo, duku kapena popanda duku, kwanu sungabwererenso ngati mtsikana.

Analiika. Ndinalichotsa. Analiikanso. Ndinalichotsanso.

"Mwana wanga, tonsefe tinalowa m'nyumba muno tikulira. Taona tanenepa."

"Ndili ndi malo kukoleji."

"Ayi, unamwino udzauchita pa ine. Msanawu ukufuna namwino."

Azakhali ake a Mirlan anaseka. Ndinalichotsanso duku.

Pamenepo mayi aja anapumira m'mwamba, anatulutsa magalasi, anatenga foni ya mwana wawo. Anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu.

"'Wondikonda asagogode, asapemphe.' Analemba ndani?"

Anatsitsa chala pamzere wotsatira.

"'Ndikakuwa asamve.' Nanga mwana wanga walakwa chiyani? Wagogoda? Sanagogode. Wapempha? Sanapemphe. Elnura anationetsa, tinati Mulungu ndi wabwino, mtsikana wophunzira koma wodziwa mwambo."

"Zimenezo ndinkanena za m'buku."

"Buku liti? Apa pali nkhope yako."

"Werengani china chija," anatero azakhali a mano agolide, "cha khosi chija."

Anawerenganso. Zonse zimene ndinalemba chilimwe chonse, za khosi la kalonga, za manja ake, za zimene ndikanachita ndikanakhala ine m'phanga muja, zinawerengedwa mokweza, akazi akuombana mapewa, ena akubisa nkhope m'maduku. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuchita manyazi. Ndinawafunafuna manyaziwo m'kati mwanga, sindinawapeze. Ndinkangoyang'ana duwa lofiira losokedwa pakatani, linali ndi ulusi umodzi wosomphoka.

Masana anandipatsa foni. Anali bambo. Akuluakulu a kwa Mirlan anali atafika kale kwathu ndi nkhosa ya chipepeso.

"Bambo, dzanditengeni."

Chapatali ndinkamva amayi akulira.

"Andionetsa zimene wakhala ukulemba. Kochkor yense waziona. Ndikutenge ndikakuike kuti?"

"Bambo."

"Mwala ukhale pomwe wagwera. Alamu ako akubwera adzakulangize."

5

Alamu anafika dzuwa litapendeka. Ndinamva galimoto ya achimwene, ndinamva amuna akuwalandira ndi chiseko panja. Kenaka mawu a alamu pakhomo, ofatsa monga mwa masiku onse, akupereka moni kwa aliyense mwa dongosolo lake.

"Mutipatse mpata pang'ono, amayi. Mwanayu amandimvera ine."

"Eya, muuzeni inu, poti munadutsamo."

Anatisiya awiri. Alamu anagwada pafupi nane, anatola duku loyera lija pansi, analipinda bwinobwino n'kuliika pamwendo pawo. Anali atavala diresi lakuntchito, m'manja mukadali fungo la mkaka. Achimwene anawanyamula ali kokama ng'ombe.

"Wadya?"

"Ayi."

"Wachita bwino."

Anayang'ana nkhope yanga, kenaka manja, kenaka anatsitsa maso mpaka kumapazi anga.

"Kadona," anatero motsitsa, "nsapato zako zili kuti?"

Sindinamve msanga. Mawuwo anayenda m'mutu mwanga ngati munthu amene akufunafuna chitseko mumdima. Kenaka ndinaona ketulo ija, yobiriwira, yophwanyika pachivundikiro. Ndinali nditathira tiyi kuchokera m'ketulo imeneyo moyo wanga wonse.

"Ndinu?"

"Tsitsa mawu."

"Koma inu munachita kupangana ndi achimwene."

"Achimwene akowo ndinawaona koyamba atandigwira mkono m'galimoto. Ndinkapita kukalemba mayeso omaliza a uphunzitsi." Ankalankhula ngati akundiuza mtengo wa shuga. "Ndinalimbana nalo duku mpaka madzulo. Kenaka ndinapeza mpata, amayi ako atatembenuka, ndinafika pakhomo. Kunja kunali chipale chofewa chofika m'mawondo, nsapato atabisa. Ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti ndipita bwanji ndi masokosi okha. Ndikuganiza choncho, anandipeza. Basi, nkhani yake ndi imeneyo. Munthu amaganiza kuti chimene chidzamugwire ndi chinthu chachikulu."

Panja wina anayamba kuyimba, ena akuomba m'manja.

"Nanga mumawawerengeranji mabuku amene aja?"

Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kumene sindinakuonepo.

"Amakoma. Ukuganiza kuti makutu amatentha ako okha?" Anasalaza duku lija ndi chikhatho. "Komanso m'mabuku muja, chakumapeto, pamakhala tsamba limene mwamunayo amagwada. Amati ndinakulakwira, chitseko n'chotsegula, ukafuna pita. Ine ndimawerenga buku lonse kuti ndifike patsamba limenelo. Zaka zonsezi m'nyumba mwanu sindinalifikebe."

Sindinalire. Ndinkafuna, koma munalibe kanthu.

"Tamvera tsopano. Zanga zili pakhomo, kumanzere, zalabala zakuda. Ndaziyang'anitsa kunja. M'kati mwa yakumanja muli chiphaso chako ndi ndalama ya minibasi. Usathamange, ukathamanga akugwira. Uyende ngati munthu wopita kuchimbudzi, ukadutsa khola ulunjike kumsewu waukulu. Usakwere yopita kwathu."

"Nanga inu?"

"Ine ndine mwala wakalekale. Dzuka."

6

Anatsegula katani okha. Ananena mokweza kuti mwana akufuna kutaya madzi, ndipo duku avala akabwera. Akazi ena anasekerera. Koma agogo ake a Mirlan, nkhalamba yaing'ono imene inakhala phee tsiku lonse pafupi ndi mbaula, anandiyang'ana kumaso n'kudziwa. Anadzuka mofulumira kuposa msinkhu wawo, anakagona chopingasa pakhomo penipeni.



Palibe mwana wa kwathu amene sadziwa. Sulumpha munthu wamkulu. Ukamulumpha, temberero lake limakutsata mpaka kwa ana a ana ako.

Ndinaima. Kuseri kwa agogowo ndinaziona, zalabala zakuda, zamatope, zitayang'ana kumsewu.

"Lumpha tione," anatero agogo, maso ali kudenga. "Ine anandibweretsa muno pakavalo, ndinakhala. Iwe ndiwe ndani? Ukandilumpha, chimwemwe usadzachione. Pakhomo pako pasadzalire mwana."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalimba mtima. Ayi. Sindinkamva mantha, sindinkamva mphamvu. Ndinangoona kuti agogowo ndi ochepa thupi, ngati mtolo wa zovala, ndipo phazi langa linanyamuka lokha.

Wina anakuwa. Wina anandigwira malaya kumbuyo, kenaka anasiya, ndipo ndinamva mawu a alamu, aulemu ngati kale: "Pepani amayi, ndadutsa kutsogolo kwanu. Pepani, ndakupondani." Anali ataima pakati pa chitseko, manja uku ndi uku, akupepesa aliyense.

Nsapatozo zinali zazikulu. Ndinayenda ndikuzikoka. Amuna anali kuseri kwa nyumba pamphika wa nyama. Mirlan yekha ndi amene anandiona, ataima pafupi ndi khola, kansalu kali pamphuno. Tinayang'anana. Anatsegula pakamwa, kenaka anayang'ana pansi.

Pamene achimwene a Talant anayamba kukuwa dzina langa, ndinali nditafika pamsewu, dzuwa likadali pamwamba pa phiri ngati kutalika kwa dzanja.

7

Ndili ku Bishkek tsopano. Ndimaphunzira kubaya jakisoni pa malalanje. Bambo sanandilankhulepo. Amayi amaimba bambo akachoka, amafunsa ngati ndikudya, ndikafunsa za alamu amati, "Ali bwino, ali kokama," n'kusintha nkhani. Ndinaimbapo pafoni ya alamu. Anayankha ndi achimwene, ndinadula.

Elnura ananditumizira uthenga wautali. Akuti ankaganiza kuti ndisangalala, akuti ndinachita kulemba ndekha. Ndimamukhulupirira. N'chimene chimandilepheretsa kumukwiyira bwinobwino.

Anzanga a m'chipinda amafunsa ngati ndimaopa temberero lija. Ndimati sindikudziwa. Chimwemwe sindinachione, n'zoona, koma ndi chisoni chomwe sindinachione. Ndili ngati mwendo umene unaukhalira nthawi yaitali. Akuti umadzayamba kubaya magazi akabwerera. Ndikudikira.

Pagulu paja sindinachoke. Ena anandichitira chifundo, ena anati ndawachititsa manyazi owerenga onse, wina anafunsa ngati Mirlan anali wamtali. Mabuku ndimawerengabe. Maso amayenda, masamba amatha, makutu satentha. Chithunzi cha ketulo chikadalipo pamndandanda wa anthu, koma chilembereni mawu aja akuti "Fufuta" sichinalembenso.

Sabata yatha kunatuluka buku latsopano. Mutu wachitatu, mwamuna wa maso ngati makala ananyamula mtsikana pakati pa phwando. Gulu linaphulika monga mwa masiku onse, madzi ozizira, mapiko, amuna athu. Ndinadikira tsiku lonse. Madzulo ndinalemba ndekha:

"Nsapato zake zili kuti?"

Mtsikana wina watsopano anayankha kuti ndikatsegule shopu.

Inu amene mukuwerenga, musaganize kuti ndabwera kudzakuuzani kuti mutaye mabuku. Buku silinandibe ine. Anandiba ndi anthu amene anali ndi duku lokonzeka kale m'bokosi, ankangosowa mutu woti aliikepo, ndipo mawu anga anawatola ngati mmene akanatolera china chilichonse. Lotani maloto anu, makutu atenthe. Chimene ndikupempha n'chochepa. Ngati pagulu lanu pali wina amene amawerenga mpaka kumapeto koma sakuwa nanu, amene amangofunsa kafunso kamodzi kopusa, musafulumire kumuseka. Mwina ndi amene amakuthirirani tiyi. Ndipo ngati kwanu kuli nkhani yokoma ya mmene awiri ena anakumanirana, muonetsetse amene amatuluka kukatunga madzi ikayamba kufotokozedwa.

Sindikudziwa kuti alamu anabwerera bwanji kunyumba tsiku lija, kapena anaponda chiyani kuchokera pakhomo paja kukafika pagalimoto. Palibe amene wandiuza. Nsapato zawo zili pano pakhomo la chipinda changa, matope a kumudzi kuja akadali m'mbali. Anzanga amadandaula kuti zimawapunthwitsa. Ndimaziika kumanzere, zitayang'ana kunja.